Chitaliyana cha Kuseri kwa Mpanda

Nditasamukira ku Edmonton, kumpoto kwa London, ndi mwana wanga wamkazi, tinapeza nyumba ya lendi yokhala ndi kabwalo kumbuyo. Kabwalo kathuko kanali ka simenti yokhayokha, koma kuseri kwa mpanda wamatabwa kunali dimba lenileni. Munali matimati omangiriridwa ku timitengo, nyemba, adyo ndi kamtengo ka nkhuyu. Eni ake anali mayi achikulire, aafupi, ovala zakuda tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi ndowa n'kumayankhula okha uku akuthirira. Miyezi yoyamba tinkangogwedezerana mutu basi. Ine ndinkagwira ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha m'deralo, ndipo ndikaweruka, chomwe ndinkafuna ndi kuvula nsapato n'kugona.

Nyengo yotentha itafika, dzungu la m'dimba muja linayanga mpaka kudumpha mpanda. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinaona masamba anthete akulendewera mbali yathu. Ndinali nditatha zaka ndisanalawe nkhwani. Ndinagwira tsamba limodzi, ndinalinunkhiza, kenako ndinakwera pampando n'kuodira.

Mayiwo anabwera akupukuta manja. Chingerezi chawo chinali chodukaduka, ngakhale anali atakhala m'dzikoli kuyambira utsikana wawo.

"Ndimapempha masamba awa, mayi," ndinatero.

"Mukufuna kuchita nawo chiyani?"

"Ndikaphike."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati ndawatukwana.

"Inu mumadya zimenezi?"

"Kwathu ndi ndiwo yapamtima."

Anaika ndowa pansi n'kumenya m'manja. "Zaka zonsezi anthu a mumsewu uno amaganiza kuti ndimadya zinyalala! Dikirani pomwepo."

Anabwerera ndi mpeni n'kundidulira masamba odzaza thumba. Madzulo ake ndinawapatsira nkhwani wotendera pamwamba pa mpanda, iwonso n'kundipatsira mbale yawo: masamba omwewo ophika ndi tomato, adyo ndi sipageti wothyolathyola. M'mawa mwake anandibwezera mbale yanga ili mbee, n'kunena kuti nsinjiro zawononga masamba awo. Kuyambira pamenepo ankandifunsa sabata iliyonse kuti ndiphikanso liti.

Mbiri yawo ndinkaimva pang'onopang'ono, nditatsamira mpanda. Anabadwira ku Sicily, chilumba chachikulu cha kumwera kwa Italy, m'mudzi wa paphiri. Anabwera ku England atangokwatiwa, kutsatira amuna awo omwe ankalima nkhaka ndi matimati m'nyumba zamagalasi za m'mbali mwa mtsinje wa Lea. Iwonso analowa ntchito yomweyo. Ankati m'nyumba zimenezo munkatentha ngati kwawo, ndipo onse ogwira ntchito anali a midzi yoyandikana, moti munthu ankatha sabata osatchula liwu la Chingerezi. Pomwe ndinkawadziwa, amuna awo anali atamwalira kalekale, ndipo mwana wawo wamkazi ankakhala ku Romford ndi banja lake.

Ine Chitaliyana sichinali chachilendo kwenikweni m'makutu mwanga. Ndinakulira kufupi ndi Balaka, ndipo bambo mfumu a parishi yathu anali Mtaliyana wamtali wandevu. Chichewa chawo chinali chokoma kuposa cha azungu ena onse omwe ndinawamvapo. Ankati chinawaphwekera chifukwa mawu athu amatha momasuka ngati akwawo, lilime silipunthwa kumapeto. Akamapita kukachita Misa kumidzi ankatinyamula ana a kwaya pagalimoto yawo ya bokosi, ndipo asanalize injini ankakuwa kuti, "Andiamo!" Ife tinkaganiza kuti limenelo ndi dzina la galimotoyo. Ndinadzadziwa nditakula kuti ankangonena kuti tiyeni.

Tsiku lina ndinakumana ndi mayi aja pageti akupita kumsika, ine ndikupita kokwerera basi. Ndinawalandira chikwama n'kunena kuti, "Andiamo."

Anaima chilili. "Mwazitenga kuti zimenezo?"

Ndinawafotokozera za bambo mfumu ndi galimoto yawo. Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha geti. Kenako anandiuza kuti ndibwereze, ndipo nditabwereza anagwedeza mutu.

"Mukutchula bwino kuposa mwana wanga. Koma chimenecho ndi Chitaliyana cha ansembe ndi aphunzitsi. Kwathu timati amuninni."

"Si chimodzimodzi?"

"Chimodzimodzi bwanji? Ine Chitaliyana ndinakachipeza kusukulu, ngati momwe inu munapezera Chingerezi."

Zimenezi zinandidabwitsa. M'maganizo mwanga Mtaliyana aliyense ankabadwa ndi Chitaliyana m'kamwa. Tikuyenda anandiuza kuti mphunzitsi wawo woyamba anachokera kumtunda, kutsidya la nyanja, ndipo ana sankamva zomwe ankanena. Mwana akati bedda, kutanthauza chokongola, mphunzitsiyo ankamumenya ndi rula pazala mpaka atanena kuti bella. Anandionetsa zala zawo zokhotakhota ndi ukalamba ngati kuti rulayo inali itangochoka kumene. Sukulu anaisiya msanga kuti azikathandiza kumunda. Chitaliyana anachigwira chokwanira kulankhulira ndi wansembe, dokotala ndi wapolisi, koma sanachikondepo. Ankati chili ngati nsapato za Lamulungu: zokongola, koma ukafika kunyumba umavula.

Nditakwera basi ndinayamba kuganiza za amayi anga. Iwo anali a ku Phalombe, ndipo akabwera achemwali awo kudzacheza, ankakhala pakhonde n'kumayankhula Chilomwe motsitsa mawu. Ife ana ankatiyankhula Chichewa chokhachokha, chifukwa ndi chomwe chinali kusukulu, kutchalitchi ndi pawailesi. Sindinaganizepo kuti munthu wa ku Ulaya angakhale ndi nkhani yofanana ndi imeneyo.

Mayi a kuseri kwa mpanda aja anali ndi mdzukulu wamkazi yemwe ankaphunzira Chitaliyana payunivesite ina mu London momwemo. Ankabwera Lamulungu lililonse kudzadya chamasana, ndipo patapita nthawi ine ndi mwana wanga tinayamba kuitanidwa. Mtsikanayo ankawatchula agogo akewo kuti nonna, ndipo posakhalitsa mwana wanganso anatengera. Ine mtsikanayo ankanditchula kuti anti. Iyeyo ndi amene anandiyalira mbiri yonse, tsiku lina titamaliza kudya, agogo ake akusenda mapeyala.

"Poyamba penipeni, anti, chinali Chilatini, chinenero cha Aroma," anatero. "Chomwe ankachitira Misa kale chija. Ufumu wa Aroma utatha, anthu anapitiriza kuyankhula, koma dera lililonse linkapinda mawu mwanjira yakeyake. Patapita mibadwo, wa ku Venice ndi wa ku Sicily sankamvananso."

"Mpaka lero sitimvana," anatero agogowo osadzutsa mutu.

"Ndiye mumzinda wa Florence munatuluka alembi omwe mabuku awo anakondedwa kwambiri. Anthu ophunzira a m'madera ena anayamba kulemba motsanzira iwowo. Kwa zaka mazanamazana Chitaliyana chinali cha papepala. Munthu ankachilemba, koma akalowa m'khitchini ankayankhula chakwawo."

"Nanga chinafika bwanji m'kamwa mwa anthu?" ndinafunsa.

"Dzikolo linagwirizana mochedwa kukhala dziko limodzi. Pamenepo boma linafuna chinenero chimodzi. Linayamba ndi sukulu, kenako usilikali, chifukwa anyamata a madera osiyana ankagona malo amodzi. Koma chomwe chinamaliza ntchito ndi wailesi ndi kanema."

Apa agogowo anavomereza. Anati atapita kukacheza kwawo patatha zaka zambiri, anapeza mng'ono wawo wagula kanema, ndipo ana a mng'ono wawoyo ankayankhula ngati anthu owerenga nkhani. "Rula inalephera," anatero, "koma bokosi lija linatha."

Mtsikanayo ankakonda kuwayankhula agogo ake m'Chitaliyana cha kuyunivesite. Iwo ankamvetsera mutu uli pambali, monyadira ndithu, kenako n'kuyankha m'Chingerezi. Nthawi ina ananditsinzinira diso n'kunena kuti, "Tamumvani. Ngati mkazi wa meya."

Mwana wanga nthawi imeneyo ankaphunzira kuimba vayolini kusukulu. Chichewa ankamva, koma ndikamuyankhula ankayankha m'Chingerezi, ndipo ndinali nditatopa nako kulimbana naye. Tsiku lina anabweretsa pepala lake la nyimbo kuti awaimbire nonna. Asanayambe, agogowo analanda pepalalo, anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga timawu tolembedwa pamwamba pa mizere.

"Piano. Forte. Allegro. Ndani wakulembera zimenezi?"

"Ndi mawu a nyimbo, nonna. Aliyense woimba amawaphunzira."

"Mawu a nyimbo? Awa ndi mawu a m'nyumba! Piano ndi zomwe ndimawauza maondo anga ndikamatsika masitepe. Forte anali malemu amuna anga akamanyamula mabokosi. Allegro ndi munthu wosangalala, yemwe wamwako pang'ono."

Mwana wanga anaseka mpaka kulephera kugwira vayolini. Mdzukulu uja anatifotokozera kuti kale oimba a ku Italy ndi amene ankatsogola ku Ulaya konse, choncho mawu awo anayenda limodzi ndi nyimbo zawo mpaka kukhazikika kulikonse. Ndinakumbukira mphunzitsi wathu wa kwaya kumudzi, bambo yemwe sanaonepo nyanja yamchere, akukweza dzanja n'kumati, "Apa piyano, apa fote." Mtsikanayo anawonjezera kuti ngakhale liwu loti banki linachokera ku benchi yomwe amalonda a kumeneko ankakhalapo posinthitsa ndalama, ndipo dzina la Chingerezi la malungo, lomwe ndinkalilemba kuntchito, m'Chitaliyana limatanthauza mpweya woipa, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti matendawo amatuluka m'madambo.

"Ine malungo ndinadwalapo ndili mwana," anatero agogowo. "Mchimwene wanga wamng'ono anapita nawo."

Sindinkadziwa kuti ku Italy kunali malungo. Ndinawauza kuti inenso ndinataya mng'ono wanga ndi matenda omwewo. Anandikankhira mbale ya mapeyala n'kuti, "Idya, figghia." Mdzukulu wawo anandinong'oneza kuti liwulo ndi la Chisisiliya, ndipo limatanthauza mwana wanga wamkazi. Kuyambira tsiku limenelo sanandiitanenso mwanjira ina.

Tinakhala choncho zaka zingapo. M'mawa wina masamba a mitengo atayamba kuyoyoka, ndinamva ndowa ikugwa kuseri kwa mpanda, ndipo sindinamve mawu awo odandaula monga mwa masiku onse. Nditasuzumira ndinawaona atagona chammbali pakati pa matimati. Nditafika pomwe anali ndinaona kuti pakamwa papotoka ndipo mkono wamanja sukugwira. Ndinaimbira ambulansi, kenako mwana wawo wa ku Romford. Inali sitiroko. Anawagoneka pachipatala chomwe ndinkagwira ntchito, koma wodi ina, ndipo ndinkapita kukawaona pa nthawi yopuma.

Atatsitsimuka, mawu anabwerera, koma Chingerezi sichinabwerere. Zaka zonse zija za ku England zinangofufutika m'kamwa mwawo. Chinatsala ndi chinenero cha m'mudzi wa paphiri uja chokha. Madokotala anati zimachitika ndithu, chomwe munthu anayamwira ndi chomwe chimalimba. Achipatala anapeza womasulira wa Chitaliyana kudzera pafoni, mayi waulemu ndi woleza mtima. Agogowo ankamva zomwe womasulirayo ankafunsa, koma ankayankha m'Chisisiliya, ndi lilime lolemera, ndipo iye ankangotolapo theka. Akabwereza funso, agogowo ankakwiya n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lina ndinapeza mdzukulu uja ali pabenchi kunja kwa wodi, maso ali ofiira.

"Bwanji, mwanawe? Zavuta?"

"Ayi anti, ali bwino. Akudya." Anapukuta mphuno. "Akhala akundiyankhula kuyambira m'mawa, akundigwira dzanja, akuseka. Ine sindikumva. Ndatha zaka zonsezi ndikuphunzira kuti ndizicheza ndi nonna m'chinenero chawo, koma chomwe ndaphunzira ndi cha mphunzitsi uja ankawamenya."

Ndinakhala naye pabenchipo. Ndinamufunsa ngati amayi ake amamva Chisisiliya. Anati amamva ndithu, poti anakulira momwemo, koma kuyankhula sangathe, chifukwa ali mwana ankachita manyazi anzake akamva makolo ake akuyankhula, ndiye ankangoyankha m'Chingerezi.

"Ndiye bwerani nonse awiri," ndinatero. "Wina ali ndi makutu, wina ali ndi pakamwa."

Anachitadi zimenezo, ndipo ndinkawapeza atazungulira bedi. Agogo akanena chinthu, mwana wawo ankatsinzina, kufunafuna tanthauzo m'mutu, n'kulinena m'Chingerezi. Mdzukulu ankabwereza mawu a agogowo. Chitaliyana chake chija sichinapite pachabe, chifukwa mawu ambiri anali pachibale, ndipo akangogwira njira yomwe amapindikira, ena ankawalota yekha. Akalakwitsa, agogowo ankamumenya pamkono ndi dzanja lawo lamanzere, pang'ono chabe, n'kutchulanso mokweza. Nthawi zina mwana wawo uja ankadzidzimuka liwu litatuluka lokha m'kamwa mwake, liwu lomwe sanalitchule chichokereni ku ubwana, ndipo ankagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Agogowo ankamuyang'ana modabwa kuti akulira chiyani.

Ine ndinalibe gawo pa sukulu imeneyi, koma iwo sankalola kuti ndingokhala duu. Ndikafika ankandigwira malaya n'kuyamba kundifotokozera nkhani yaitali, akuloza zenera, akuloza anamwino, akukwinya nkhope. Masiku oyamba ndinkayankha m'Chingerezi, koma ndinaona kuti chikuwatopetsa. Tsiku lina ndinangoyankha m'Chichewa. "Eya, mayi. Zoona? Ndiye inu munatani?" Anaima kaye, kenako n'kupitiriza mwamphamvu kuposa poyamba. Kuyambira pamenepo tinkacheza choncho. Ndinkawauza za mabasi ochedwa, za mwana wanga, za mvula yakumudzi yomwe inachedwa chaka chimenecho. Mnzanga wina wa ku Chipata, yemwe ankagwira ntchito muwodi imeneyo, anatipeza tsiku lina n'kuima pakhomo.

"Imwe asisi, amvela Chinyanja aba ambuya?"

"Sakumva."

"Manje mukambitsana bwanji?"

Nanenso sindinkadziwa. Ndinkangodziwa pomwe akufuna kuti ndidabwe, pomwe akufuna kuti ndiseke, ndi pomwe akufuna kuti ndingokhala chete.

Atatuluka m'chipatala sakanathanso kukhala okha, ndipo mwana wawo anawatengera ku Romford. Nyumba ija inagulitsidwa. Ndinkapita kukawaona ndikapeza tsiku lopuma, ulendo wa basi ndi sitima. Ankakhala pampando wa pazenera atafunda bulangeti m'miyendo, akulamulira nyumba yonse ndi dzanja limodzi. Mdzukulu uja anali atafika poti ankatha kukangana nawo. Anandiuza kuti anamva zinthu zomwe palibe ankazidziwa m'banjamo: kuti agogo ake ankafuna kudzakhala telala, kuti paulendo wobwera ku England analira njira yonse, kuti anawakana kawiri amuna awo asanalole kukwatiwa nawo. M'Chingerezi sananenepo zimenezi. Mwina analibe mawu okwanira, mwina sankaona kuti ndi nkhani zokambira m'chinenero cha eni ake.

Anamwalira patatha chaka ndi miyezi, mwakachetechete, atangomaliza kudya chamasana. Misa ya maliro inachitika m'Chitaliyana ndi m'Chingerezi. Kunabwera nkhalamba zingapo zomwe ankagwira nazo ntchito m'nyumba zamagalasi zija, ndipo panja pa tchalitchi ndinamva chinenero chawo chikuyankhulidwa ndi anthu ambiri nthawi imodzi, koyamba m'moyo wanga. Chinali chaphokoso, chothamanga, chodzaza ndi manja.

Chaka chotsatira mdzukulu uja anapita ku Sicily kukaona mudzi wa agogo ake. Atabwerako anabwera kwathu ku Edmonton ndi paketi ya mabisiketi a mtedza wa amondi, ndipo tinakhala m'khitchini tikumwa tiyi.

"Mudzi ulipo, anti," anatero. "Nyumba zambiri n'zotseka. Achinyamata anapita kumizinda."

"Munamvana nawo?"

"Ndinalowa m'kasitolo n'kuyankhula momwe nonna anandiphunzitsira. Mtsikana wogulitsa anangoti kukamwa yasa. Kenako anathamangira kuseri kukaitana agogo ake. Anati, bwerani mudzamve, kuli mtsikana wa ku London akuyankhula ngati anthu akale."

Anati achibale ake a msinkhu wake amayankhulana Chitaliyana, ndipo Chisisiliya amachisungira nthabwala ndi mkwiyo. Mawu ena omwe iye ankatchula anali atasiyidwa kalekale, moti achinyamatawo ankamufunsa tanthauzo. Koma agogo a m'sitolo aja anamukhazika pampando, anamufunsa kuti ndi mdzukulu wa ndani, ndipo atawauza anati ankakhala benchi imodzi kusukulu ndi mng'ono wa malemuwo. Anatumiza uthenga m'mudzi monse. Pofika madzulo panali amayi okalamba angapo atamuzungulira, aliyense akufuna kuti anene liwu ili ndi ili, akuseka, akumukonza, akukangana okhaokha za katchulidwe koyenera.

"Sanandilole kubwerera kuhotela," anatero. "Ndinagona kwa mmodzi wa iwo masiku onse otsala."

Ndinamuthirira tiyi wina. Anandiuza kuti akufuna kubwererako nyengo yotentha ikubwerayi kuti akakhaleko nthawi yaitali, ndipo amayi ake avomera kupita naye.